Pa sitima yapamadzi tili achikulire: zoyenera ndi zosayenera

Ndinakwera sitima yaikulu ya alendo koyamba ndili ndi zaka 69, pa doko la Durban, mwana wanga wamkazi wa ku Johannesburg atandigulira tikiti. M'mbuyo monsemo sitima imene ndinkaidziwa inali Ilala basi, imene yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, ndipo ndinkaikwera pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma. Ilala ndi yotalika mamita pafupifupi 52. Ija ya ku Durban inali kufupi ndi mamita 300, nsanjika zoposa khumi, anthu masauzande. Ndapitanso kachiwiri, ndipo chimene ndaona n'chakuti ulendowu umakomera wachikulire amene sabisa za thupi lake. Amene amavutika ndi ofuna kuoneka ngati akadali anyamata.

Zoyenera: sankhani chipinda poganizira mawondo ndi mimba yanu. Sitima ikamadula mafunde, kutsogolo ndi kumbuyo n'kumene kumakwera ndi kutsika kwambiri, ndipo mukakhala pamwamba m'pamenenso mumakumva bwino kugwedezekako. Chipinda cha pakati pa sitima, pa nsanjika zam'munsi, ndicho chodekha. Pemphaninso chapafupi ndi chikepe. Makonde a m'sitimamu ndi aatali ngati msewu, ndipo mudzawayenda kangapo patsiku: kukadya, kubwerera kukatenga magalasi, kukadyanso.

Zosayenera: musasiyire ana kusankha okha. Iwo amayang'ana khonde loonera nyanja ndi chithunzi choika pa Facebook. Auzeni mosapita m'mbali kuti mwendo wamanzere sufuna masitepe, kapena kuti mumadzuka katatu usiku. Zipinda za anthu oyenda pa njinga ya olumala zilipo, zazitseko zazikulu ndi bafa lopanda chopunthwitsa, koma n'zochepa ndipo zimatha msanga.

Zoyenera: mankhwala akhale m'chikwama chakumanja. Pa doko sutikesi amakulandani, ndipo imafika pakhomo pa chipinda patapita maola, nthawi zina madzulo ndithu. A BP, a shuga, a mtima, a nyamakazi, onse akhale nanu, m'mapaketi ake enieni, ndi owonjezera a masiku angapo. Lembani mayina a mankhwalawo ndi milingo yake papepala, lina mupatse amene mukuyenda naye. Ngati mumabaya insulin, nenani pogula tikiti kuti mufunika pozizira posungira.

Zosayenera: musadalire chipatala cha m'sitima ngati cha boma. Dokotala alimo, manesi alimo, koma n'zolipira ndipo mtengo wake suchepa. Matenda akakula amakutsitsani pa doko lapafupi, ndipo ndalama zonse zimagwera inu. Choncho musakwere opanda inshuwalansi ya paulendo, ndipo poigula musabise matenda amene muli nawo kale. Ife a msinkhu uno tili ndi chizolowezi choyankha kuti "ndili bwino" ngakhale thupi likukana. Kwa a inshuwalansi yankho limenelo lidzakupwetekani, chifukwa matenda amene simunawatchule amakana kulipira.

Tsopano nkhani ya mseru, imene aliyense amandifunsa ndisanamalize n'komwe moni. Nyanja ya kufupi ndi Durban imadziwa kuwinduka, ndipo amene anakumanapo ndi mwera pa nyanja ya Malawi akudziwa mmene m'mimba mumatembenukira.

Zoyenera: mukayamba kumva chizungulire, tulukani panja pakati pa sitima, pomwe pali mphepo, muyang'ane kutali komwe madzi akumana ndi thambo. Idyani pang'ono zouma, buledi kapena mabisiketi. Ine tiyi wa jinja amandithandiza.

Zosayenera: musamwe mapiritsi a mseru opatsidwa ndi mnzanu wa patebulo. Ambiri a iwo amagonetsa, ndipo ogona akuyenda pa sitima yogwedezeka ndiwo amagwa. Ena, monga hyoscine, amatha kusokoneza mutu wa munthu wachikulire, kutseka mkodzo kwa abambo a vuto la prostate, ndi kukulitsa matenda a maso a glaucoma. Funsani dokotala wanu musananyamuke kwanu, iye amene akudziwa zina zonse zimene mukumwa.

Zoyenera: phunzirani za ngozi ndi mtima wonse. Sitima isananyamuke, kapena ikangonyamuka, aliyense amayenera kudziwa malo amene adzasonkhane zinthu zitavuta, ndi kavalidwe ka jekete yoyandamitsa. Lamuloli linakhwimitsidwa mu 2015, kutsatira ngozi ya Costa Concordia, imene inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy pa 13 January 2012 n'kupha anthu 32. Ena mwa amene anali m'sitimayo anali atangokwera tsiku lomwelo, asanaphunzitsidwe. Chizindikiro cha ngozi ndi huta kulira kasanu ndi kawiri mwachidule, kenako kamodzi motalika. Ine ndimachita chinthu china chowonjezera: ndimayenda wapansi kuchoka pa chipinda changa kukafika pamalo osonkhanapo, podzera pa masitepe, chifukwa pa ngozi chikepe sichigwiritsidwa ntchito.

Zosayenera: musachite manyazi kulembetsa kuti mudzafuna okuthandizani. Ngati masitepe amakutopetsani, ngati makutu sakumva bwino, kanenani ku ofesi yolandira alendo tsiku loyamba. Amalemba nambala ya chipinda chanu kuti pa ngozi wina adzakutengeni. Ndinaona bambo wina, ndodo ili m'manja, akukana kulembetsa kuti iwo anali asilikali. Mayi a kunyumba kwawo anangowasiya amalize, kenako anapita okha kukawalembetsa.

Za kugwa ndinene pang'ono, chifukwa n'zimene zimavulaza anzathu kuposa mafunde. Pakhomo pa bafa ndi pa zitseko zotulukira panja pamakhala potumphuka, ndipo phazi lozolowera simenti yosalala ya kunyumba limaiwala. Zitseko zake n'zolemera, mphepo ikawomba zimabwerera mwamphamvu. Valani nsapato zogwira pansi, mapatapata asiyeni. Dzanja limodzi lizikhala lopanda kanthu kuti muzigwira chitsulo cha m'mbali. Chitenje chisakwekwe pansi pa masitepe. Ndodo ngati muli nayo, yendani nayo poyera.

Zoyenera: sambani m'manja ndi sopo, kambirimbiri. Anthu ambiri akamadyera malo amodzi, kugwira zipande zimodzimodzi, kachirombo ka norovirus, koyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, sikachedwa kufala. Mankhwala opaka m'manja aja tinawazolowera nthawi ya Covid-19 sakapha bwino kameneka. Sopo ndi madzi ndizo zimakachotsa. Zosayenera: mukatsegula m'mimba musabise poopa kutsekeredwa m'chipinda. Wachikulire madzi amamuthera m'thupi mofulumira, ndipo mukabisa mupatsiranso ena.

Chakudya chilipo usana ndi usiku, chongodzitengera, ndipo munthu wokulira m'zaka za njala mtima umamuuza kuti adzaze mbale. Tengani pang'ono, mukafuna mubwereranso, palibe akuwerengereni. A shuga musunge nthawi zanu zodyera monga kunyumba, ndipo makeke aja muwadutse ngati simukuwadziwa. Nsima musaiyembekezere kwenikweni. Tsiku lachitatu ndinaipukwa, koma mpunga, nsomba ndi masamba zinandisunga bwinobwino.

Zoyenera: tsiku lililonse onani ngongole ya pa khadi lanu. Pokwera amakupatsani khadi limodzi. Ndilo kiyi wa chipinda, ndilo chiphaso potsika ndi pokwera, ndiponso ndilo ndalama. Poti simuona ndalama ikutuluka m'thumba, kugula kumapepuka. Chakudya chachikulu chili m'tikiti, koma zakumwa zambiri, zithunzi zimene amakujambulani, intaneti, kuchapitsa zovala ndi maulendo a kumtunda n'zapadera, ndipo makampani ambiri amawonjezera ndalama ya ogwira ntchito tsiku ndi tsiku. Funsani musanalipire tikiti kuti mtengowo waphatikiza chiyani. Safunsa anadya phula.

Zosayenera: musasiye foni ili chotsegula pakati pa nyanja. Gombe likangobisika, foni imalumikizana ndi netiweki ya sitima yodzera pa setilaiti, ndipo mavidiyo a adzukulu a pa WhatsApp akhoza kudya penshoni ya mwezi. Adzukulu omwewo akuonetseni musananyamuke mmene mungaiikire pa chizindikiro cha ndege chija. Kuchipinda cha juga musayese n'komwe "kamodzi kokha".

Gawo limene ndikufuna tikhalepo nthawi ndi la kutsika. Maulendo aafupi ochokera ku Durban, amene amachitika m'miyezi yotentha kuyambira cha mu November mpaka cha mu March kapena April, amakonda kupita ku Mozambique: ku Portuguese Island, kachilumba kamchenga pafupi ndi Inhaca kunja kwa Maputo, kapena ku Pomene m'chigawo cha Inhambane. Malo amenewa alibe doko loti sitima yaikulu n'kukocheza. Imaima patali, ndipo anthu amapita kumtunda pa timaboti. Amene anatsikapo Ilala pa Likoma akudziwa: boti likukwera ndi kutsika ndi funde, iwe uli pakhomo pa sitima, uyenera kuponda nthawi yake.

Mmawa wa tsiku lotsika ndinaima pakhomopo jekete yoyandamitsa ili m'khosi, chipewa chomangidwa ndi chingwe, mtima ukugunda. Anyamata awiri anaima uku ndi uku. Mmodzi anati, "Mama, musandigwire chikhatho, gwirani mkono," ndipo anandigwira pamwamba pa dzanja, inenso ndinamugwira chimodzimodzi. Boti linatsika, iye anati dikirani. Linakwera kufika pamene panali phazi langa, anati tsopano, ndipo ndinapezeka ndakhala. Kumtunda tinatsikira m'madzi ofika m'mawondo, ofunda, mchenga woyera wothobwa m'maso.

Zoyenera: mverani mawu a anyamata amenewa, osati mantha anu kapena changu cha amene ali kumbuyo kwanu. Manja onse akhale opanda kanthu. Chikwama chipatseni wina kapena chiberekeni. Tengani madzi akumwa, chipewa, nsapato zosaopa kunyowa, ndi mankhwala a masana. Anzathu okhala ku Britain amene mwatha zaka kunja, kumbukirani kuti gombe la Mozambique kuli malungo ndipo thupi lanu linaiwala kulimbana nawo. Kaonaneni ndi dokotala musanabwere.

Zosayenera: musadzikakamize kutsika chifukwa choti munalipira. Ngati chiuno kapena bondo silikukhulupirika, khalani. Tsiku limene anthu apita kumtunda sitima imakhala phee, mipando ili mbwee, tiyi osaimira pamzere. Musakwiyenso kaputeni akalengeza kuti lero sititsika. Ulendo wanga wachiwiri zinatero chifukwa cha mafunde, ndipo ena anakalipira atsikana a pa ofesi ngati ndiwo anautsa nyanja. Miyezi ya maulendowa ndi yomweyonso ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ife amene tinaona zimene Freddy anachita ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023 sitifunika kuuzidwa kawiri za mphepo ya kumeneko.

Mukatsika pa doko lenileni, lembani nthawi yobwerera ndipo mufike ola lathunthu isanakwane, chifukwa sitima sidikira munthu amene anapita payekha. Mozambique ndi South Africa nthawi ndi imodzi ndi ya kwathu, koma ku Mauritius ali patsogolo ndi maola awiri. Tsatirani wotchi ya sitima.

Zoyenera: dziwani dzina la amene akukukonzerani chipinda. Ambiri ndi ochokera ku Philippines, Indonesia, India, ndi ena a m'mayiko a kuno kwathu. Amagwira miyezi yambiri osapuma tsiku lathunthu, ana awo akukula ndi agogo kumudzi. Mtsikana amene ankandikonzera chipinda ulendo woyamba anaona Baibulo langa patebulo, ndipo tsiku lililonse ankalibwezera pomwepo, magalasi pamwamba pake. Ndinamufunsa za kwawo, anandionetsa pafoni mwana wake wa zaka zinayi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zosayenera: musawaitane ndi mluzu kapena kuwomba m'manja, ndipo musawaonjezere ntchito: m'chimbudzi cha m'sitima, chimene chimakoka ndi mpweya, musataye china chilichonse kupatula pepala la momwemo, chifukwa chikatsekeka chimavutitsa zipinda zingapo. Ayironi ndi ketulo zisiyeni kunyumba. N'zoletsedwa chifukwa moto ndiwo umaopedwa kwambiri panyanja.

Musathamangire chilichonse cholembedwa pa pepala la zochitika. Sankhani chimodzi kapena ziwiri, masana mugoneko. Koma tsiku limodzi dzukani mbandakucha, anyamata ovina usiku akadali mtulo, mukaime panja ndi juzi. Ine ndinaona tinsomba touluka tikuthawa kutsogolo kwa sitima, dzuwa likutuluka m'madzi mbali imene kulibe phiri kapena mtengo, ndipo ndinapemphera pomwepo.

Usiku womaliza amakuuzani kuti muike sutikesi panja pa chitseko. Musanaitseke, patulani zovala za mawa, nsapato, pasipoti ndi mankhwala, chifukwa simudzaionanso mpaka kumtunda. Ndipo mukatsika, musakwere basi ya kumudzi tsiku lomwelo. Pansi pamakhala ngati pakugwedezekabe kwa tsiku limodzi kapena awiri, mapazi amakhala atatupa, ndipo msewu wa ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi wautali. Gonani kaye kwa ana masiku awiri, miyendo mutaisanjika pa pilo.