Malangizo kwa Okagona M'matenti ku Chitimba

Inu amene mukukonza ulendo wa kumpoto kukagona m'matenti kugombe la Chitimba m'nyengo yotentha, tcherani khutu. Mafuta thirirani ku Mzuzu mpaka thanki idzadze, za m'njira musazidalire. Pamtsetse wa Chiweta tsikani ndi giya yaing'ono, chifukwa mabuleki mukamangowapondaponda amatentha n'kusiya kugwira. Tsikaninso kukadali kowala, malole ndi ambiri pamenepo.

Tenti imikani pamthunzi, kutali ndi pomwe mtsinje wathira m'nyanja, poti ng'ona zimakonda pomwepo. Posambira pabwino funsani asodzi, eni nyanja ndi iwowo. M'mabango musalowemo, muli nkhono za likodzo. Neti musaiwale, udzudzu suona kuti uyu ndi mlendo. Mukabwerako, pakapita masabata angapo kayezetseni likodzo kuchipatala.