Wothamanga Akaphonya Home Plate: Mafunso ndi Mayankho

Tikukamba za masewero ati, ndipo kuti?

Ku Botswana softball ndi masewero otchuka, ndipo anafalikira m'masukulu kudzera mwa aphunzitsi a Peace Corps ochokera ku America. Bungwe la Botswana Softball Association limachititsa mipikisano yake ikuluikulu pa bwalo la National Diamond mumzinda wa Gaborone, potsatira malamulo a bungwe la dziko lonse la WBSC. Nkhani ili m'munsiyi imawutsa mkangano pa bwalo ngati limeneli.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Home plate, kapena kuti mbale, ndi kachidutswa ka labala ka mbali zisanu, kotalika masentimita 43 m'mimba mwake. Wothamanga akuchokera pa besi yachitatu, mtunda wa mamita 18, amadzigwetsa n'kutsetsereka chakumbali kuti azembe wowakha mpira. Nthawi zina onse awiri amaphonya: dzanja la wothamanga silinakhudze mbaleyo, naye wowakha sanamukhudze ndi mpira. Fumbi lili kobo, anthu akukuwa, onse akuyang'ana woyimbira.

Woyimbira achite chiyani?

Adekhe kaye pang'ono, aone ngati wina mwa awiriwa wazindikira. Wothamanga akabwerera n'kukhudza mbale asanakhudzidwe, chigoli chalowa. Wowakha akayamba ndiye kumukhudza, watuluka. Koma ngati palibe akuchitapo kanthu, woyimbira atambasule manja n'kunena kuti "Safe!"

Si bodza limenelo, poti iye waona kuti sanakhudze?

Ayi. Lamulo limamutenga wothamanga amene wadutsa besi ngati waikhudza, kufikira timu inayo itadandaula. Woyimbira akangoti zii nthawi yaitali, ndiye kuti wawatsina khutu otchinga (timu ya wowakha) kuti pali cholakwika. Akaloza mbale, wathandiza wothamanga. Zonsezi n'kukondera, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene woyimbira wokhwima amadziwikira: chimene waona amachisunga mumtima, nkhope osasintha, mpaka atafunsidwa. Kupenya ndi ntchito ya osewera.

Nanga otchinga adandaule bwanji?

Achite apilo. Mpira ukadali m'masewero, amene waugwira akhudze wothamangayo kapena aponde mbale, ndipo amuuze woyimbira momveka kuti akudandaula chiyani. Kuponda mwangozi sikuwerengedwa. Masewero akaimitsidwa, wosewera wa m'kati mwa bwalo akhoza kungonena pakamwa. Apilo ichitike woponya asanaponyenso mpira wotsatira. Ikakhala yoona, woyimbira yemwe uja anene kuti "Out!" mopanda manyazi, chifukwa sakudzitsutsa.

Wothamanga angabwerere mpaka liti?

Akangolowa kumalo kokhala timu yake, mwayi watha. Chimodzimodzinso ngati mnzake womutsatira walowetsa kale chigoli.

Chigolicho chimatani apilo ikapambana?

Chimafufutidwa. Ndipo ngati iyeyo ndi wachitatu kutuluka m'ndimeyo, zigoli za onse amene anabwera pambuyo pake siziwerengedwanso.