MADZI AKALOWA M'NYUMBA

Amayi, akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mvula imatipatsa chakudya, koma nthawi zina imatigwetsera nyumba, monga adachitira namondwe Freddy m'Malichi 2023 ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Madzi akaphwa, ambiri timayesa kuti tsoka lapita. Koma mwana wamng'ono amakwawa pansi, amagona pansi, ndipo chilichonse chimene watola amaika m'kamwa. Kwa iye ngozi imatsala m'nyumbamo. Tsatirani malangizo awa.

1. Yambani mwaona khoma

Zidina zimamwa madzi kuyambira pansi, ndipo khoma likhoza kugwa usiku ngakhale mvula italeka. Mukaona ming'alu, kapena khoma lapendekeka, musagonekemo ana. Kapempheni malo kwa abale. Ngati nyumba ili ndi magetsi, musakhudze mawaya kapena soketi yonyowa mpaka wodziwa ntchitoyo ataona. Chenjeraninso ndi njoka zimene zimathawira m'nyumba.

2. Samalani madzi akumwa

Madzi osefukira amakokolola zam'chimbudzi nazithira m'zitsime. Umu ndi mmene kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba amafalira. Wiritsani madzi akumwa mpaka abwadamuke, kapena thirani klorini monga wakuuzirani mlangizi wa zaumoyo, nimudikire mphindi 30 musanamwe. Vundikirani mtsuko. Chimbudzi chikagwa, kwirirani chimbudzi cha mwana m'dzenje kutali ndi chitsime kufikira mutakumba china.

3. Umitsani nyumba

Kokolani matope onse, kenaka sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana. Tsekulani zitseko ndi mazenera kuti mphepo ipite. Chapani zofunda ndi zovala, ndipo yanikani mphasa padzuwa mpaka ziumiretu. Chinyezi chimabala nkhungu m'makoma, ndipo nkhunguyo imakulitsa chifuwa ndi mphumu. Pansi pakauma, zirani bwino musanamusiye mwana kuti akwawepo. Musasonkhe mbaula m'nyumba yotseka pofuna kuumitsa. Mpweya wa makala suoneka, koma umapha anthu ali m'tulo.

4. Sankhani chakudya

Ufa umene walowa madzi osefukira utayeni. Chimanga ndi mtedza zikachita chuku musaphikire mwana phala, pakuti poizoni wa chuku satha ndi moto, ndipo amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa mwana. Pitirizani kuyamwitsa. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe madzi kapena phala, bere lokha limkwanira.

5. Dziwani nthawi yothamangira kuchipatala

Mwana akayamba kutsekula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, nimumwetse pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala. Musadikire kuti kuche ngati chimbudzi chake chili ngati madzi otsukira mpunga, maso alowa, akukana kuyamwa, watentha thupi, kapena akupuma mofulumira nthiti zikulowa m'kati. Zithaphwi zimaswetsa udzudzu, choncho mwana agone m'neti usiku uliwonse, ngakhale pamalo ongosungidwa.

Kumbukirani

Mvula isanagwe, kambiranani ndi bambo a kunyumba za kufolera denga, kukweza khonde ndi kukumba ngalande yopatutsa madzi. Bukhu la mwana la kusikelo likulungeni m'pepala lapulasitiki ndi kuliika pamwamba. Ngakhale nyumba itagwa, tsiku la sikelo likakwana bwerani naye mwanayo.