Mwana Akachitidwa Opaleshoni ya M'mutu

Mwana akagwa mumtengo wa mango kapena akagundidwa ndi njinga yamoto, nthawi zina magazi amaundana m'kati mwa chigaza, kapena ubongo umatupa n'kusowa malo. Zikatero madokotala a ku zipatala zazikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amatsegula chigaza. Ubongo ukatupa kwambiri, amachotsa chibenthu cha fupa ndi kuchisunga, kuti adzachibwezere patapita masabata kapena miyezi. Opaleshoniyi imapulumutsa moyo, koma ngozi siithera pa tsiku lotuluka m'chipatala.

Vuto lofulumira kuoneka ndi la tizilombo. Bala likafiira kapena kutuluka mafinya, thupi likatentha kufika madigiri 38, kapenanso khosi likauma, mwanayo abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Madzi oyera odontha pabala, m'mphuno kapena m'khutu angakhale madzi ozungulira ubongo, ndipo pamene akutulukirapo ndi pomwe tizilombo ta matenda oumitsa khosi tingalowere. Mayi asatseke khutu ndi thonje, ndiponso asapake mankhwala a liwombo pabala, ngakhale agogo ataumirira motani.

Vuto lina limabwera mwakachetechete, makolo ataiwala kale za ngozi. Ubongo umapanga madzi ake tsiku ndi tsiku, ndipo madziwo ali ndi njira zake zochokera. Kuvulala kukatseka njirazo, madzi amadzadza m'mutu. Khanda limene liwombo lake silinatsekeke limakula mutu msanga, liwombo limatukuka ngakhale lisakulira, maso amayang'ana pansi. Nchifukwa chake mutu wa khanda lotere uyenera kuyezedwa ndi tepi ulendo uliwonse wa kusikelo. Mwana wokulirapo amadandaula mutu, amasanza m'mawa, amagonagona, amadzandira poyenda. Madokotala amatha kuika kapaipi kotsitsira madziwo m'mimba, koma akachedwa kuona mwanayo, maso ndi nzeru zimaonongeka.

Fupa lisanabwezedwe, ubongo umatetezedwa ndi khungu lokha: mwanayo asakwezedwe pa kabaza popanda chifukwa, asaberekedwe ndi ana anzake. Likabwezedwa, nthawi zina limasungunuka pang'onopang'ono, ndipo izi zimachitika kawirikawiri kwa ana aang'ono kusiyana ndi akuluakulu. Pakaoneka kadzenje kofewa pamalopo, si ufiti ayi, dokotala aone.

Ana ena amayamba kugwa khunyu. Mwana agonekedwe chammbali, osamuika supuni kapena chala m'kamwa. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, athamangire naye kuchipatala. Mankhwala a khunyu asalekedwe popanda chilolezo cha dokotala, ngakhale mwana atatha miyezi osagwa.