Phunziro: Mwana Wosakhazikika Afuna Kholo Lodekha

Amayi anzathu, m'midzi yathu ya ku Lisungwi muli ana amene tinawapatsa kale mayina: wosamva, wopulupudza, wamakani. Mwana wotere satha kukhala pansi m'kalasi, amayankha funso lisanathe, ndipo tikamutuma mchere ku golosale amabwera chimanjamanja ataiwala. Ambiri amakulira chikoti, ena amasiya sukulu, ena timawaganizira kuti analodzedwa.

Vutoli n'chiyani?

Achipatala amalitcha ADHD. Ndi vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kudziletsa. Padziko lonse limapezeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo kawirikawiri limayenda m'magazi. Si ufiti, ndiponso si mwano. Kuno kwathu tikumbukirenso malungo: kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anafalitsidwa mu 2010, anapeza kuti ana ena ochira malungo a mu ubongo amadzayamba khunyu kapena khalidwe lovuta.

Komabe si mwana aliyense wopulupudza ali ndi ADHD. Zizindikiro zimayamba asanakwane zaka 12, zimakhala miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo zimaoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Njala, kusamva bwino m'makutu, khunyu ndi chisoni cha umasiye nazonso zimasokoneza mwana. Choncho tisagamule tokha. Tipite naye ku chipatala cha Lisungwi, kumene Unduna wa Zaumoyo umagwira ntchito ndi Abwenzi Pa Za Umoyo, bungwe limene lili m'boma la Neno kuyambira 2007.

Kudekha kuyambe ndi ife

Bungwe la WHO limalangiza kuti thandizo loyamba likhale kuphunzitsa olera mwanayo, mankhwala asanaganiziridwe. Ku Amsterdam, katswiri wina, Susan Bögels, anakonza maphunziro a masabata 8 ophunzitsa makolo kuzindikira mkwiyo wawo usanafike m'manja. Chifukwa chake n'chomveka: mwana akalakwa ife timakalipa, iye amasokonezeka koposa n'kulakwanso, ife n'kutenga chikoti. Mwanayo sangathe kudula chingwe chimenechi. Wamkulu ndiye angathe.

Zoyenera kuchita

1. Tidzimve tokha. Mtima ukayamba kugunda, mawu akayamba kukwera, tiime. Tipume mpweya pang'onopang'ono katatu tisanayankhule.

2. Timufike pafupi. Tisafuule tili kukhitchini. Timutchule dzina, tionane naye maso, tinene chinthu chimodzi: "Tenga ndowa." Akatenga, ndiye tinene chachiwiri.

3. Tiyamikire pomwepo. "Wachita bwino, wabweza mbale pamalo pake." Mwana wongomva zolakwa zake tsiku lonse amafika pokhulupirira kuti ndi woipa.

4. Tsiku likhale ndi dongosolo. Nthawi yodzuka, yodya ndi yogona isamasinthesinthe. Homuweki aigwire pang'onopang'ono, akupumira pakati.

5. Mphamvu zake zipeze ntchito: kuthirira kudimba, kusesa pabwalo, kusewera mpira. Koma popeza amachita zinthu asanaganize, tisamusiye yekha kumtsinje wa Lisungwi, pamoto kapena pamsewu wa ku Zalewa.

6. Chilango chikhale chachifupi ndi chodziwika kale, monga kusiya masewera kwa kanthawi. Tikapsa mtima n'kumulankhula zopweteka, tibwerere tikamupepese.

7. Tikambirane ndi aphunzitsi kuti azikhala kutsogolo, kutali ndi zenera.

Udindo wa gulu lathu

Olera ana otere, makamaka agogo osunga adzukulu, amatopa ndipo amanyozedwa kuti alephera kulera. Wotopa sadekha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: tiwayendere, timutenge mwanayo masana amodzi kuti iwo apume, ndipo tileke kumunena pachitsime.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi mayina otani amene timaitanira ana otere, ndipo amawachita chiyani?
2. Ndi nthawi iti ya tsiku imene timapsa mtima msanga? Tingaikonzekere bwanji?
3. Ndani m'dera lathu amene tingamupumitse sabata ino?

Ntchito ya kunyumba: tsiku lililonse tipeze chabwino chimodzi mwa mwana amene amativuta, timuuze. Tikadzakumananso tidzafotokozerane zimene taona.