Makalata a omvera: Kodi ndondomeko yopulumutsira bizinesi imakalamba?

Bambo ena a ku Blantyre, omwe ali ndi chigayo ndi golosale, alemba kalata yofunsa ngati ndondomeko yopitirizira bizinesi pa nthawi ya ngozi, imene anailemba mu 2021, ikadali yothandiza. Ndondomeko yotere ndi chikalata chofotokoza zimene mwini bizinesi ndi antchito ake angachite kuti malonda asaime magetsi akathima, katundu akasowa kapena mwini wakeyo akadwala, ndipo vuto lake n'lakuti imakalamba msanga kuposa mmene ambiri amaganizira.

Amene analemba ndondomeko yawo mu 2021 sakanaganizira za namondwe wa Ana, yemwe mu Januwale 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, moti zigayo zodalira magetsi okha zinkangokhala zii kwa maola ambiri makasitomala ali pamzere ndi matumba a chimanga. N'chimodzimodzinso ndi ndalama yogulira dizilo wa jenereta, chifukwa kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inkaoneka yokwanira sinathenso kugula malita omwewo.

Bambowa ayenera kuiunikanso ndondomekoyi kamodzi pachaka mvula isanayambe, komanso pakasintha chinthu chachikulu, monga wantchito wosunga makiyi akasiya ntchito. Kungoiwerenga sikokwanira, jenereta iyenera kulizidwa tsiku limene magetsi alipo, ndipo ogulitsa katundu aimbiridwe foni mmodzimmodzi, popeza nambala zambiri zolembedwa m'makope akale zimapezeka kuti zinasiya kugwira ntchito.