Mafuta m'chiwindi ndi mavuto a m'mimba: mafunso ndi mayankho a ku Mulanje

Kodi mafuta amafika bwanji m'chiwindi?

Chiwindi chili kumanja, kunsi kwa nthiti. Chimasefa magazi, chimapanga ndulu, ndiponso chimasunga mphamvu zochokera m'zakudya. Munthu akamadya zoposa zimene thupi lake likufuna, zotsalazo zimasanduka mafuta n'kuunjikana m'chiwindimo. Madokotala amati matenda a mafuta m'chiwindi ayamba mafutawo akapitirira magawo 5 pa 100 alionse a chiwindi. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri wodwala samva kuwawa kulikonse, moti munthu amatha zaka akuyenda bwinobwino chiwindi chikuwonongeka.

Kodi si matenda a anthu omwa mowa okha?

Ayi. Kachasu ndi mowa wina uliwonse zimawonongadi chiwindi, ndipo amene wapezeka ndi vutoli ayenera kusiyiratu, osati kungochepetsa. Koma limagwiranso mayi wa mvano amene sanalawepo mowa chibadwire, makamaka ngati ali ndi shuga kapena ndi wonenepa m'mimba. Kwathu kuno mimba yaikulu ambiri amaiona ngati chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda. Maganizo amenewa akupweteketsa anthu.

Nanga chakudya chovuta kwambiri n'chiti?

Ambiri amaloza mafuta ophikira, koma shuga ndi ufa woyera n'zimene zimabisala. Ku Mulanje tiyi wakhala akulimidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo tiyi payekha alibe vuto. Vuto ndi masupuni anayi a shuga m'kapu imodzi, mandasi awiri pambali, masana nsima yoyera mitanda isanu, madzulo tchipisi cha pachiwaya pa Chitakale kapena pa Limbuli, n'kutsitsira chakumwa cha m'botolo. Botolo limodzi laling'ono la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Ngakhale thobwa, likachuluka shuga, limalowa m'gulu lomwelo.

Ndiye munthu adye chiyani?

Apa anthu a ku Mulanje ali ndi mwayi, chifukwa zambiri zili kudimba ndi kuseri kwa nyumba. Nsima ikhale ya mgaiwa, ndipo mitanda iwiri yakwana. Theka la mbale likhale masamba: chigwada, kholowa, nkhwani, bonongwe, chisoso kapena therere. Nandolo, amene amabereka kwambiri m'bomali, amakhutitsa popanda kukweza shuga msanga, chimodzimodzi nyemba ndi khobwe. Usipa ndi matemba ndi abwino kuposa nyama yonona ya pakanyenya. Mapeyala ali ndi mafuta abwino, koma theka la peyala patsiku lakwana. Chinanazi, nthochi ndi mapapaya azidya zathunthu m'malo mozifinya, chifukwa zotsalira pofinya n'zimene zimathandiza m'mimba.

Mtedza ndi nsinjiro n'zabwino, komabe pofunika diso. Mtedza ndi chimanga zochita chuku zimakhala ndi poizoni amene angayambitse khansa ya chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Mtedza wofota, wakuda kapena wowawa ndi wotaya, usapite kumtondo.

Kodi matenda a mafuta m'chiwindi amatha?

Akadziwika msanga, inde. Kutsitsa thupi ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 kumachepetsa mafuta ndi kutupa kwa chiwindi. Munthu wa makilogalamu 90 ayenera kutsitsa 6 mpaka 9, pang'onopang'ono m'miyezi ingapo, osati podzimana chakudya. Bungwe la WHO limalimbikitsa mphindi 150 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi. Kulima, kupalasa njinga ndi kuyenda ndawala zonse zimawerengedwa.

Nanga chilungulira ndi kudzimbidwa?

Wovutika ndi chilungulira azidya pang'onopang'ono, achepetse tsabola ndi zokazinga, ndipo padutse maola awiri kapena atatu atadya asanakagone. Wodzimbidwa awonjezere masamba, zipatso ndi madzi. Zilonda za m'mimba nthawi zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kapena kumwa pafupipafupi mankhwala monga aspirin ndi ibuprofen. Mkaka umangoziziritsa kwa kanthawi, koma kachilomboko kamafuna mankhwala a kuchipatala.

Kodi zitsamba zimene amati zimatsuka chiwindi zimathandiza?

Chiwindi sichitsukidwa ndi zam'botolo zogula pamsika. Zina mwa izo zimachiwonjezera ntchito n'kuchipweteka. Panado nayenso, akamwedwa mopyola muyezo, amachiwononga.

Ndi liti pamene munthu ayenera kuthamangira kuchipatala?

Maso akachita chikasu, mimba kapena miyendo ikatupa, akasanza magazi, chimbudzi chikada ngati phula, kapena akamawonda popanda chifukwa. Zizindikirozi zingabwerenso chifukwa cha likodzo la m'matumbo kapena hepatitis B, matenda amene zakudya zokha sizingathetse. Wotere asayambe wadikira kaye: apite ku Mulanje District Hospital, ku Mulanje Mission Hospital kapena kuchipatala chaching'ono cha kufupi, akayezetse magazi, shuga ndi BP.